Lipoti la nkhani: mtsikana wa zaka 15 amene anagonja dala pa chess

Ndimagwira ntchito ya uphungu pakati pa achinyamata a kusekondale. Lipoti ili ndalembera anzanga a ntchito yomweyi, komanso aphunzitsi ndi makochi amene amakhala ndi ana a msinkhu umenewu tsiku lililonse. Mtsikanayu ndi mayi ake anavomereza kuti nkhaniyi ilembedwe. Maina sinditchula, ndipo tinthu tina tomwe tikanamuulula ndatisintha.

Mmene nkhaniyi inandipezera

Woyamba kulowa mu ofesi yanga sanali mtsikanayu ayi. Anali kochi wa kalabu ya chess, atanyamula pepala lopinda pakati. Pa mpikisano wa nthawi yaitali, wosewera aliyense amalemba papepala mmene masewera akuyendera, zomwe wasuntha iye ndi zomwe wasuntha mnzake. Malamulo a FIDE, bungwe loyang'anira chess padziko lonse lomwe linakhazikitsidwa ku Paris mu 1924, salola kulemba usanasunthe. Koma mwana uyu anali ndi chizolowezi chomwe kochi analephera kumusiyitsa: amayamba walemba, kenako n'kutambasula dzanja. Chizolowezi chimenechi ndi chomwe chinamuulula.

Pa mzere wa 27 panali zolemba ziwiri. Choyamba chinali chokhwatchidwa katatu ndi bolopeni, koma chinkawerengekabe. Kochi anayala bolodi patebulo langa n'kundionetsa: mtsikanayu akanangokankhira rook yake, chida chooneka ngati nsanja, kumzere wotsiriza wa bolodi, mfumu ya mnzakeyo ikanasowa kothawira posakhalitsa. Pambali pa chokhwatchidwacho analemba zomwe anachitadi. Ananyamula mfumukazi yake, chida champhamvu koposa pa bolodi, n'kuiika pakabokosi pomwe hatchi ya mnzakeyo inangoidya ulere. Kochi, yemwe anaima chapafupi tsiku limenelo, anati mwanayu anakhala mphindi zoposa 10 akuyang'ana bolodi asanachite zimenezo.

"Madamu, mwana uyu sanalakwitse," anatero kochi. "Njira yopambanira anaiona, anailemba ndi dzanja lake, n'kuisiya."

Amene ankasewera naye anali mnyamata wa zaka 16 yemwe analowa kalabuyo chaka chomwecho, ndipo kochi ankaona kuti mtsikanayu wagwa naye m'chikondi. Kochi anaonjezera kuti kwa milungu 6 mtsikanayu ankajomba ku kalabu, ankasinza m'kalasi, ndipo anali atanena kuti sapita ku mpikisano waukulu womwe unatsala miyezi iwiri kuti uchitike, pamene gulu lonse linkadalira iye. Pempho la kochi linali losazungulira: ndimuthandize mwanayu kuiwala mnyamatayo.

Ndinamuyankha kuti ndikumana naye pokhapokha mwini wake atafuna, ndiponso kuti zomwe tidzakambirane sindidzabwera nazo ku kalabu.

Kukumana koyamba ndi zomwe ndinapeza

Anabwera Lachiwiri lotsatira. Anakhala kunsonga kwa mpando, chikwama atachikumbatira pamiyendo, maso ali kukhomo. Ndinayamba ndi kumufotokozera malire a chinsinsi: zonse zitsala m'chipinda muno, kupatula ngati moyo wake kapena wa munthu wina uli pangozi, kapena ngati pali amene akumuchita nkhanza.

Kenako ndinatsata mafunso a HEADSS, ndondomeko yomwe madokotala a achinyamata amagwiritsa ntchito pofuna kuona moyo wonse wa mwana: kunyumba, sukulu, zochita pa nthawi yopuma, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, nkhani zogonana, ndi maganizo odzipha. Anzanga a ntchito, mafunso awa musawadumphe chifukwa choti nkhani ikuoneka ngati chikondi cha ana. Mnyamatayo ali ndi zaka zingati? Akumukakamiza chilichonse? Anamupemphapo zithunzi? Akumupatsa ndalama kapena mphatso zomwe akuyembekezerapo kanthu? Akumuletsa kucheza ndi anzake? Pali ana amene amabwera ndi mawu oti "ndikumukonda" pamene kuseri kwake kuli munthu wamkulu wowadyera masuku pamutu.

Kwa mtsikanayu zonsezo kunalibe. Amakhala ndi mayi ake, ndipo mchimwene wake, wamkulu kwa iye ndi zaka 6, anachoka pakhomo kukachita maphunziro apamwamba. Mowa sanaulawepo. Iye ndi mnyamatayo anali asanagwiranepo ngakhale dzanja, kupatula moni wa pa bolodi umene osewera amapatsana poyamba ndi pomaliza. Sanali pachibwenzi chodziwika. Ankangolemberana mameseji, n'kumayendera limodzi akaweruka. Pa mafunso a PHQ-9 oyezera matenda a kukhumudwa anapeza 7 pa 27, kutanthauza zizindikiro zochepa, ndipo zambiri mwa izo zinali za tulo, kutopa ndi kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi. Funso la kudzivulaza anayankha kuti ayi, ndipo nditafunsanso m'mawu ena anayankha chimodzimodzi.

Tulo ndi tomwe tinandidetsa nkhawa. Ankakhala pa foni mpaka 1 koloko usiku, n'kudzuka isanakwane 6 koloko. Bungwe la American Academy of Sleep Medicine limalangiza kuti achinyamata a zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10. Iye ankagona maola 5 kapena kucheperapo. Munthu wosagona chotere sangawerengere masitepe anayi kutsogolo pa bolodi, ndipo kakhumudwitso kakang'ono kamamukulira ngati phiri.

Nditamufunsa za mnyamatayo, nkhope inayamba kumwetulira yokha iye akuiletsa. Anati: "Madamu, ndikatsegula buku la chess ndimaona nkhope yake. Ndikaika foni pansi ndimamva ngati yalira, ndikayang'ana palibe kanthu. Kodi ndapenga?"

Ndinamuuza kuti sanapenge. Mu 2005 Arthur Aron, Helen Fisher, Lucy Brown ndi anzawo anajambula ubongo wa anthu 17 amene anali atangogwa m'chikondi, akuyang'ana chithunzi cha wokondedwa wawo. Mbali zomwe zinagwira ntchito kwambiri zinali zomwe zimayendera mchere wa mu ubongo wotchedwa dopamine, zija zimamukankha munthu kufunafuna chinthu osatopa. Kwa wachinyamata mbali zimenezi zimakhala zitadzuka kale, pamene mbali ya kutsogolo kwa ubongo yotchedwa prefrontal cortex, yomwe imathandiza kudziletsa ndi kuona patali, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atapitirira zaka 20. Ndimakonda kuwafotokozera ana ndi makolo zimenezi chifukwa zimachotsa manyazi kwa mwana, ndipo kholo limasiya kuona ngati mwanayo akuchita mwano. Anapumira m'mwamba, n'kutsitsa chikwama chija pansi.

Za mzere wa 27 sindinafunse tsiku limenelo.

Pomwe ndinalakwitsa

Pa kukumana kwachiwiri ndinatenga pepala n'kulemba mzere pakati. Mbali ina ndinalemba "chess", mbali ina dzina la mnyamatayo. Ndinamupempha kuti anene zomwe angapindule ndi zomwe angataye akasankha mbali iliyonse. Njira yoyeza mbali ziwiriyi ndi yodziwika pothandiza munthu amene mtima wake wagawikana, ndipo yandithandizapo kwa ana ambiri. Apa inali yolakwika. Ndinatenga funso la kochi n'kulivala ngati langa, loti mwanayu ayenera kusankha chimodzi. Ndipo ngakhale sindinanene, ankamva m'mawu anga mbali yomwe ndinkafuna kuti asankhe. William Miller ndi Stephen Rollnick, amene anakonza njira ya uphungu yotchedwa motivational interviewing, yothandiza munthu kupeza yekha chifukwa chosinthira, anachenjeza za chilakolako chomwe wothandiza amakhala nacho chofuna kumuwongola munthu msanga: ukaikira kumbuyo mbali imodzi, munthu wogawikana mtima amayamba kuteteza mbali inayo. Ndinkazidziwa zimenezi, koma ndinali nditaona pepala lija, ndipo mtima wanga unali utapita kale kwa mwana waluso amene akutaya luso lake.

Anadzaza mbali zonse ziwiri mwaulemu, ndi mawu aafupi oyenera kuuza munthu wamkulu. Potuluka anati, "Zikomo madamu," osandiyang'ana. Mlungu wotsatira sanabwere.

Sindinatume kochi kapena mphunzitsi kukamuitana. Ndinamulembera kakalata kamizere itatu, kuti ndikuona kuti ulendo watha ndinathamanga, kuti sindikufuna kumusankhira kanthu, ndipo kuti Lachiwiri chitseko chikhala chotsegula ngati angafune. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anabwera patatha milungu iwiri.

Bolodi patebulo

Tsiku limenelo ndinabwereka bolodi ku kalabu. Ndinamuuza zoona, kuti chess ndimangodziwa mayendedwe ake basi, ndipo ndinamupempha kuti andionetse masewera amodzi omwe amawakumbukira. Sindinatchule kuti ati. Anayala zida zonse osayang'ana papepala lililonse, n'kuyamba kusuntha mbali zonse ziwiri payekha, mwachangu, akufotokoza. Anali munthu wina. Msana unawongoka, mawu anakwera, zala zinkanyamula hatchi pamutu n'kuiika pakati penipeni pa kabokosi popanda phokoso. Ankandiuza chifukwa chomwe anaperekera msilikali mmodzi kuti atsegule njira, ndipo anandidzudzula nditasokoneza bishopu ndi mfumukazi. Atafika penapake dzanja linaima m'malere pamwamba pa rook. Anali masewera aja.

Tinakhala chete kanthawi. Kenako ndinamufunsa funso lomwe silinali pa pulani yanga: "Chess anakuphunzitsa ndani?"

"Achimwene."

Anamuphunzitsa ali ndi zaka 7. Ankasewera madzulo aliwonse, ndipo achimwene akewo ankachotsa mfumukazi yawo pa bolodi kuti masewera akhale ofanana. Patapita nthawi anasiya kuichotsa. Ali ndi zaka 10 anawagonjetsa koyamba, ndipo iwo anaseka, n'kumunyamula m'mwamba. Mlungu womwewo anawagonjetsanso katatu kotsatizana. Madzulo otsatira atayala bolodi n'kukawaitana, anamuyankha kuti chess yawatopetsa. Sanakangane. Sanamunyoze. Anangosiya, mpaka lero. Bolodi linatsala kwa iye, ndipo anapitiriza kusewera yekha, kenako pa foni ndi anthu osawadziwa, kenako ku kalabu.

"Ndinkayalabe mbali zonse ziwiri," anatero, "mwina abwera."

Ndinamufunsa ngati anauzapo munthu zimenezi. Anati si nkhani yoti n'kuuza munthu, chifukwa palibe chomwe chinachitika.

Ndiye anafotokoza za mnyamatayo. Tsiku loyamba kusewera naye ku kalabu anamugonjetsa asanafike pa mzere wa 20. Anyamata ena anamuseka mnzawoyo kuti wagonja kwa mtsikana. Mnyamatayo anangoti zii, n'kutola chikwama chake. Usiku umenewo sanalembe meseji, ngakhale masiku onse ankalemba. Mtsikanayu anadikira mpaka kunja kunayamba kuyera. "Mumtima ndinangoti, zayambanso." Mawa lake mnyamatayo analemba ngati palibe chachitika, n'kunena kuti foni inatha moto. Mwina zinalidi choncho. Koma pofika nthawiyo mtsikanayu anali atadziuza kale kuti sadzamugonjetsanso. Anayamba kujomba masiku omwe ankadziwa kuti kochi awaphatikiza awiriwo. Pa mpikisano sakanatha kuthawa, chifukwa osewera samadzisankhira wokumana naye. Mphindi 10 zija sankaganiza za chess. Ankayang'ana manja a mnyamatayo akunjenjemera pafupi ndi wotchi.

Mmene ndinaimvera nkhaniyi

Apa ndi pomwe ndinazindikira kuti funso silinali loti chess kapena mnyamata. Mnyamatayo sanamupemphepo kuti agonje, sanamuuzepo kuti asiye kalabu. Chomwe chinkamumanga mwanayu chinali chikhulupiriro chomwe anachitola ali ndi zaka 10, choti ukamuposa munthu amene umamukonda, amakusiya mwakachetechete. Kwa zaka 5 chikhulupirirochi chinagona, chifukwa omwe ankawagonjetsa sanali anthu a pamtima pake. Chikondi choyamba chinangochidzutsa. Anzake a m'kalasi anathira mafuta pamoto pomuuza kuti anyamata sakonda mtsikana wowaposa nzeru.

Katswiri wa zamaganizo Dana Jack analemba mu 1991 za khalidwe lodzitseka pakamwa pofuna kusunga ubale, pomwe munthu amabisa maganizo ndi zofuna zake kuopa kutaya amene amamukonda, ndipo anaonetsa kugwirizana kwa khalidweli ndi matenda a kukhumudwa mwa amayi. Mwana uyu anali asanadwale, koma anali atayamba kuphunzira njira imeneyo, ndipo ndi chimenecho chomwe ndinaona kuti n'chofunika kuchigwira msanga. Mpikisano umodzi ukhoza kudutsa. Chizolowezi chodzichepetsa dala kuti ukondedwe munthu amapita nacho m'banja ndi kuntchito.

Panalinso mbali ina yomwe kochi sakanaikonda. Robert Vallerand ndi anzake mu 2003 anasiyanitsa mitundu iwiri ya kukonda chinthu ndi mtima wonse. Pali kukonda komwe kumakhala mwamtendere ndi mbali zina za moyo, munthu n'kumatha kusiya kaye akafuna. Palinso kukonda komwe kumamulamulira munthu, chifukwa ulemu wake wonse wauika pamenepo. Asanakumane ndi mnyamatayo, mtsikanayu ankapita ku kalabu masiku 5 pa mlungu, n'kuonjezera maola awiri kapena atatu pa foni usiku. Mnzake wapamtima analibe. Pasukulu ankadziwika kuti "uja wa chess", ndipo iye mwini nditamufunsa kuti ndi munthu wotani kupatula chess, anasowa choyankha. James Marcia, pokulitsa maganizo a Erik Erikson mu 1966, anafotokoza za achinyamata amene amakhazikika pa umunthu umodzi asanafufuze n'komwe zina zomwe angakhale. Ndinaona kuti kwa mwana uyu, kuyendera limodzi ndi mnyamatayo, kuseka naye zinthu zosakhudza bolodi, kunali koyamba kudzimva kuti ndi munthu woposa luso lake. Kumuuza kuti amuiwale kukanakhala kumubwezera m'chipinda momwe ankayala mbali ziwiri yekha.

Kochi, mwa chikondi chake, anali atamuuza za Judit Polgár, amene anakhala grandmaster, udindo wa akatswiri apamwamba pa chess, mu 1991 ali ndi zaka 15, n'kuphwanya mbiri ya Bobby Fischer yolandira udindowu ali wamng'ono kuposa onse, ndipo mu 2002 anagonjetsa Garry Kasparov, amene anali nambala wani padziko lonse, pa masewera achangu. Nkhaniyi ndi yoona ndipo ndi yolimbikitsa kwa atsikana ambiri. Kwa uyu inangoonjezera katundu. "Iye pa zaka 15 anali grandmaster, ine pa zaka 15 ndikupereka mfumukazi dala," anatero.

Kukumana ndi mayi ake

Tinagwirizana kaye zomwe ndinganene. Anandilola kukamba za tulo ndi za mnyamatayo. Za kugonja dala ndi za achimwene ake anati ayi, ndipo ndinasunga.

Mayiwo anafika atakonzeka kale ndi chigamulo. "Aphungu, ine ndamuuza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Sukulu, chess, tsopano mwamuna? Foni ndilanda, ndipo mnyamata ameneyo ndikaonana ndi makolo ake."

Mantha awo ndinawamva, ndipo sanali opanda pake. Ankaopa mimba, ankaopa mayeso, ankaopa kuti mwana wawo wasintha osawauza. Ndinawayankha kuti, "Mayi, mwana wanu sanabise kanthu koopsa, ndafunsa zonse. Mukatseka chitseko ndi mphamvu, sasiya kumukonda mnyamatayo, angosiya kukuuzani." Ndinawafunsa ngati akukumbukira munthu woyamba amene anawasowetsa tulo. Anakhala chete, kenako anaseka pang'ono n'kuphimba pakamwa. Mwana wawo anawayang'ana ngati akuwaona koyamba.

Tinamvana zinthu zochepa. Foni izigona kunja kwa chipinda kuyambira 10 koloko usiku, ndipo mtsikanayu amuuze yekha mnyamatayo za lamuloli kuti kukhala chete kwa usiku kusamatanthauzidwe molakwika. Mayiwo asapite kwa makolo a mnyamatayo. Ndipo nkhani za thupi, malire ndi kudziteteza azikambirana awiriwo poyera, osadikira kuti pachitike kanthu. Patatha milungu iwiri ankagona maola pafupifupi 8, ndipo kusinza m'kalasi kunatha.

Kuyesa chikhulupiriro chija

Pa kukumana kwachisanu tinalemba chikhulupirirocho papepala m'mawu ake: "Ndikamupambana, andisiya." Ndinamufunsa kuti akuchikhulupirira motani pa 100. Anati 90. Ndinamufotokozera kuti maganizo otere satha ndi kulangizidwa, amatha munthu akawayesa n'kuona chomwe chachitika. Ganizo langa linali laling'ono: ulendo wina akadzakumana pa bolodi, asewere mmene amasewerera.

Iye anapitirira pamenepo. Anati akufuna kumuuza mnyamatayo zomwe anachita pa mpikisano. Ndinazengereza, chifukwa ndinkaona kuti zikhoza kumupweteka mnyamatayo ndiponso kumubwerera iye. Ndinamuuza nkhawa yangayo. Anayankha kuti: "Madamu, akumauza aliyense kuti anandigonjetsa. Akandiyang'ana mosangalala ndimamva ngati ndamubera." Chisankho chinali chake. Tinayeserera zokambiranazo kawiri, ine ndikukhala mnyamatayo, koyamba wokwiya, kachiwiri wongokhala chete, chifukwa chete ndi amene ankamuopa koposa. Tinakonzanso zomwe adzachite usiku umenewo meseji ikapanda kubwera.

Anamuuza Lachinayi akuweruka. Mnyamatayo anaima, n'kufunsa kuti, "Ndiye unandimvera chisoni?" Anatembenuka n'kumapita. Kwa masiku 12 sanalembe, ndipo ku kalabu ankakhala patebulo lakutali.

Masiku amenewo anali ovuta, ndipo sindikufuna kuwachepetsa. Anabwera kwa ine kawiri popanda pangano, akulira, akuti ndaona, zachitika zomwe ananena. Ndinafunsanso za kudzivulaza, anati ayi. Sindinamulonjeze kuti mnyamatayo abwerera, chifukwa zimenezo sizinali m'manja mwanga. Chomwe tinachita ndi kuyang'anitsitsa mawu omwe mnyamatayo ananena. Sanati wakwiya chifukwa mtsikanayu ndi katswiri kumuposa. Anakwiya chifukwa anapatsidwa chipambano chabodza, n'kumanyadira pamaso pa anzake. Kusiyana kumeneku anakuona yekha, patapita nthawi: "Ndiye chamupweteka si kupambana kwanga, ndi kugonja kwanga."

Ku kalabu sanasiye kupita m'masiku amenewo, ndipo ichi ndinachiona kukhala chachikulu. Anauzanso kochi yekha zomwe anachita. Kochi anamuuza kuti kugonja dala n'kulakwira masewera ndi osewera ena onse a pa mpikisano, ndipo anamuimitsa pa masewera amodzi a timu. Analandira.

Pa tsiku la 13 kochi anawaphatikiza, osadziwa za masiku omwe ankawerengedwa. Mtsikanayu anati manja ankatuluka thukuta mpaka bolopeni inkaterereka. Anapambana pa mzere wa 34. Mnyamatayo anamupatsa dzanja, n'kuyamba kutolera zida. Atafika pa hatchi anaima, n'kuibwezera pomwe inali pakati pa masewera, n'kufunsa kuti, "Apa ndikanatani?" Anakhala mphindi 40 akubwereza masewerawo mpaka woyang'anira chipinda anabwera kudzatseka.

Mlungu wotsatira chikhulupiriro chija anachipatsa 40. Sindinamukakamize kuchitsitsa. Chinamera kwa zaka 5, ndipo umboni wotsutsa anali nawo umodzi wokha.

Ndinakambiranaponso ndi kochi, mwa chilolezo cha mtsikanayu, pa mfundo imodzi: kuti akufuna kumabwera masiku 3 pa mlungu m'malo mwa 5. Kochi sanasangalale. Ndinamupempha kuti asamuyese mwanayu ndi masiku omwe wabwera, komanso kuti aletse chizolowezi cha anyamata choseka mnzawo akagonja kwa mtsikana, popeza kuseka kuja kunavulaza ana awiri nthawi imodzi. Chachiwirichi anachichita tsiku lomwelo.

Patatha miyezi itatu

Tinakumana kasanu ndi kawiri mwa pangano, kenako kamodzi patatha miyezi itatu. Ku mpikisano waukulu uja anapita. Sanatenge chikho. Anagonja masewera awiri, onse kwa osewera omuposa, ndipo anabwera ndi mapepala ake kudzandionetsa pomwe analakwitsa, akudziseka ndi kudzikwiyira mmene wosewera aliyense amachitira. Chizolowezi cholemba asanasunthe anali atachisiya. Pa PHQ-9 anapeza 3.

Za mnyamatayo zinayenda mwa njira yomwe sanaifune. Anakhala mabwenzi a pa bolodi, amabwereza masewera limodzi, koma mameseji a usiku anachepa mpaka kutha, ndipo anamva kuti akuyenda ndi mtsikana wina wa kalasi ina. Analira pondiuza. Anafunsa ngati zikanakhala zina akanapanda kuulula. Ndinamuuza kuti zikondi zambiri zoyamba za msinkhu uwu sizikhalitsa ngakhale palibe wolakwa, ndipo ndinamusiya alire. Atapukuta misozi ananena kuti tsopano ali ndi mnzake wamkazi wa ku kalabu amene amaphunzira naye limodzi, ndipo Loweruka lapitalo anakhala tsiku lonse osatchula chess.

Fayilo ndinaitseka tsiku limenelo, n'kumuuza kuti akhoza kubwera nthawi iliyonse. Ali pakhomo anatembenuka. Anati achimwene ake abwera ku tchuthi mwezi wamawa, ndipo anawalembera meseji yowafunsa ngati angasewere naye kamodzi. Iwo anayankha kuti chess anaiwala. Iye anawalemberanso kuti achotsa mfumukazi yake pa bolodi, monga ankachitira iwo kale. Mesejiyo yaonetsa kuti yawerengedwa, koma pofika tsiku limenelo anali asanayankhe.